Mzati wa Pakati

"Ababa, kamwala aka ndi kamwana ka mwala uja. Nanga bwanji mayi wake wasweka msanga, koma iko kakukana?"

Anafunsa funsoli ali kamtsikana kosafika n'komwe patebulo la makina, tsiku lina sukulu itatsekedwa, bambo ake atamutenga kuntchito chifukwa panyumba panalibe womusiyira. Lero linamubwerera lokha, ali mayi wamkulu, atagwada pansi pa mtengo wa kumpanda ndi makina oboolera m'manja, bambo akewo atangoikidwa m'manda kumene. Sanalipatse malo. Anapukuta thukuta ndi phewa n'kuloza mano a makinawo pakona ya kumbuyo kwa mwala, pamene diso la munthu silifika.

Bambo ake anagwira ntchito moyo wawo wonse m'labotale yoyeza miyala. Omanga milatho ndi okumba migodi ankabweretsa miyala yoboola pansi panthaka, yaitali ngati mikono. Iwo ankaidula tizidutswa tobulungira, tophwatalala ngati magudumu a ngolo ya ana, n'kumatiimika m'makina opanikiza mpaka titang'ambika pakati. Mumsewu wonse ankawatcha Aphwanya, ndipo eni ake ankalikonda dzinalo. Ankati dziko lonse lapansi ndi iwo okha amene amalipidwa chifukwa chophwanya zinthu za eni. Mwana wawo wamkazi anamutcha Kachidutswa kuyambira tsiku la funso lija, ndipo atakula analowa ntchito yomweyo, m'chipinda chomwecho, pa makina amene anabwera m'malo mwa akale aja.

Mwala umene ankauboolawo unali mpando. Unali wautali kuposa munthu atagona, wotuwa, wa mtundu umene bambo ake ankautcha mwala wa masamba, chifukwa ukauyang'ana m'mbali unkaoneka ngati buku limene lavumbwa n'kuuma, masamba ake atamatirirana. Anaubweretsa kalekale kuchokera kumalo ena osemako miyala, n'kuukhazika pa mizati iwiri ya njerwa, wina uku wina uko. Kunsi kwake ankaunjikako mabenthu a tizidutswa tawo tija, tong'ambika pakati, timene ankabwera nato m'matumba a jekete pafupifupi tsiku lililonse. Mulu umenewo unali mkangano wakale m'nyumba muno. Amayi ankati anthu ena amuna awo amabwera ndi buledi, iwo wawo amabwera ndi zinyalala za kuntchito. Ndipo mvula ikamayandikira chaka chilichonse, Aphwanya ankagona chagada n'kulowetsa mutu ndi mapewa kunsiko, ati kukonza miyala yawo, n'kutulukako msana wa malaya uli bii. Wochapa anali amayi.

Koma amayi omwewo ndiwo ananena, mipando yobwereka itangobwezedwa, kuti pamanda pakagone mwala umenewu.

Achimwene ake a Kachidutswa, oyamba kubadwa, anali atabwera kuchokera kunja kumene amagwira ntchito, ndipo tchuthi chawo chinali kutha. Sanadziwe kuti adzabweranso liti. Ankafuna kuti asanakwere ndege mwala wa pamanda ukhale utasankhidwa, utafika kale kwa mmisiri, kuti dothi likadzakhazikika ungokaikidwa. Anaonetsa amayi zithunzi za pafoni: miyala yakuda, yonyezimira moti munthu n'kupeserapo tsitsi. Amayi anaziyang'ana zonse mwaulemu, kenako anati mwamuna wawo sanakhalepo pa mwala wakuda. Anakhala pa uja wa kumpanda, madzulo aliwonse, ndipo ngati pali chinthu chimene chimadziwa msana wawo n'chimenecho.

Achimwene sanali munthu wouma mtima. Anangoti mwala wa masamba ndi mwala wonyenga, ndipo iwo sangapirire kuona amayi ataima pakhomo, mwala wa bambo ukugawika m'manja mwa anthu onyamula. Amayi anayankha ndi mawu amene msewu wonse unkawadziwa: Aphwanya ananena okha, pamaso pa anthu, kuti mwala uwu ungathe kunyamula lole. Nanga iwo anayamba anamapo za mwala?

Onse awiri anatembenukira kwa Kachidutswa.

"Ndiuyeza," anatero. "Makina akakana, nanenso ndikana. Akavomera, achimwene, mufune galimoto."

Ndiye anali pano, atagwada. M'thumba la zida munali mano oboolera a misinkhu yosiyanasiyana. Dzanja lake linayamba lagwira aakulu, amene amagwiritsa ntchito masiku onse. Anawayerekeza pamwala, n'kuona kukula kwa bowo limene angasiye, bowo loti chibakera cha mwana n'kulowa. Pamwala wa bambo ake. Anawabweza m'thumba n'kutenga aang'ono kuposa onse.

Makina atasiya kulira, anamva kutsokomola. Atelala a nyumba yoyandikana anali atatsamira mpanda, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale kuti chiyambire maliro makina awo osokera anali asanalire. Anali munthu wamkulu thupi, woti akalowa m'minibasi kondakitala amayamba wawerenganso mipando. Mkazi wawo anamwalira zaka zapitazo. Iwo ndi Aphwanya ndiwo anali eni a mpando uja: atelala pakati, Aphwanya kumapeto kwa kumadzulo, wailesi ili pamiyendo, makapu a tiyi ali pansi, akukangana za mpira umene onse awiri sanauonere.

"Mwanawe, ukuubaya jekeseni?" anafunsa.

Anawafotokozera. Atelala anamvetsera akugwedeza mutu, maso ali pamwala. Anatsegula pakamwa ngati pali choti anene, koma anangokoka tepi yawo mbali imodzi, n'kuikokanso mbali ina. Anati mwala ndi wa banja, ndipo alamu awo, mkazi wa Aphwanya, akanena anena. Kenako anafunsa ngati amayi adya kalikonse lero, n'kubwerera m'nyumba pang'onopang'ono. Kachidutswa anazindikira kuti chichitikire maliro sanawaonepo atakhala pampandowo.

Kulabotale anafika masana, anzake ali kunja kokadya. Anadula kamwala kamene anaboola kaja n'kutulukamo kachidutswa kamodzi kokha koyenera, kochepa ngati chitsekero cha botolo lalikulu. Anakapukuta ndi nsalu, n'kukayang'ana kuwala kwa pawindo. Masamba awiri okha ndiwo anakwana m'kati mwake, ogwirana bwino, msoko wawo woongoka ngati wolemba ndi rula. Kanali kokongola.

Bambo ake anamuphunzitsa zambiri m'chipinda chimenechi, ndipo choyamba chinali chakuti mwala sufa ndi kupanikizidwa, umafa ndi kukokedwa. Makina amafinya kachidutswa pamwamba ndi pansi, koma chimene chimakang'amba ndi m'mimba mwake, mmene mbali ziwiri zimakokana kufuna kusiyana. Mwala wogoneka pa mizati nawo n'chimodzimodzi: pamwamba pamafinyika, koma kumimba, kumene munthu saonako, n'kumene kumatanuka. Anamuphunzitsanso kuti kachidutswa kamodzi si mboni, ndiponso kuti pa mwala wa masamba uyeze tamitundu yonse, tating'ono ndi tatikulu, masamba atagona, ataima, atapendekera. Iye mwini anali atawabwezapo makontirakitala ambiri pakhomo lomweli chifukwa chobwera ndi kamwala kamodzi kosankha.

Zonsezo ankazidziwa monga amadziwira dzina lake. Koma anaimika kachidutswa kaja m'makina masamba ake atapingasa, mbali imene mwala wotere umalimbira, n'kudziuza kuti ndi mmenenso udzagonere pamanda. Anatembenuza chogwirira. Nambala inayamba kukwera, inapitirira pamene miyala yotere imagonjera, n'kumakwerabe. Mtima wake unakwera nayo. Pamene kanadzati tswa, anapezeka akumwetulira yekha m'chipinda, koyamba chiyambire matenda a bambo ake. Anatola mabenthu awiriwo n'kuwaponya m'thumba la jekete osaganiza n'komwe.

Kunyumba anapeza amayi akupinda zovala za malemu pabedi, achimwene ataima pakhomo la chipinda osadziwa kuti manja awaike pati. Anawauza kuti mwala wavomera, ndipo wavomera mokweza mawu. Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamufunsa ngati akunena monga mwana wa Aphwanya kapena monga munthu wa ntchito yake.

"Monga onse awiri," anayankha.

"Basi. Iwe ndiye wa miyala. Ine ndikafuna galimoto."

Amayi anasiya kupinda. Anatenga malaya amodzi otuwa, amene msana wake unali ndi banga la dothi lokana sopo, n'kuwaika padera. Madzulo a tsikulo anadya mbale yonse, n'kufunsanso ngati mumphika mwatsala.

Galimoto inabwera m'mawa wa tsiku loti mawa lake achimwene anyamuka. Inali lole yaing'ono yokhala ndi mkono wonyamulira kumbuyo. Munatsika amuna atatu a mapewa ngati zitseko, ndi dalaivala wolankhula kwambiri amene anazungulira mwala kawiri n'kunena kuti wanyamulapo zazikulu kuposa izi, ngakhale fano la mkango la pageti la munthu wina wolemera, ndipo mkangowo unafika ndi mano ake onse. Anati amanga malamba awiri, wina kumapeto uku wina uko, mkono ukoke, basi, tiyi asanazizire. Amayi anatulutsa mpando wa m'khitchini n'kukhala pakhonde. Kuseri kwa mpanda, atelala anali ataima pawindo lawo, katani atakankhira pambali.

Kuti malamba adutse kunsi, mulu wa mabenthu uja unayenera kuchoka. Amuna aja anabwera ndi fosholo, koma Kachidutswa anawaletsa. Anati awachotsa yekha ndi manja. Anagwada n'kuyamba kuwaika m'ndowa. Ambiri anali ndi zilembo za bambo ake za penti yofiira, zofufutika. Ena anali aakulu ngati mbale, ena ang'ono ngati mabatani a jasi. Mulu unatsika, kuwala kunalowa kunsi kwa mpando, ndipo dzanja lake linagunda chinthu chimene sichinasunthe.

Anawerama. Pakati penipeni, kuseri kwa mulu, panali mzati wachitatu.

Unali waufupi, wa simenti, woumbidwa m'chitini cha penti chimene mizere yake inkaonekabe. Pakati pa mutu wake ndi mimba ya mwala panali mabenthu opyapyala, okhomeredwa mothina ngati zochirikizira, ena akale akuda ndi nkhungu, ena atsopano. Latsopano kuposa onse linali loyera mbee, lokhomedwa mvula yathayi isanayambe, pamene bambo ake anali atayamba kale kupuma movutikira akakwera masitepe.

Anagona chagada n'kulowetsa mutu. Anayendetsa chala kumimba kwa mwala, kuchokera pakona imene anaboola. Kumeneko masamba anali ogona bwino, osalala. Koma akuyandikira pakati anayamba kupendekera, n'kupindikira m'mwamba ngati tsamba la buku limene wina analipinda, ndipo pamenepo chikhadabo chake chinakodwa. Mng'alu. Wopyapyala ngati ulusi, koma wodutsa mwala wonse m'lifupi, kuchokera mbali iyi kukafika mbali inayo, ndendende pamwamba pa mzati uja.

Ali chigonere pamenepo, fumbi likumugwera m'maso, yankho la funso lija linamupeza. Bambo ake tsiku lija anamunyamula n'kumukhazika patebulo, n'kumupatsa kamwala m'dzanja limodzi, chibenthu chachikulu m'dzanja linalo. Anati kakang'ono sikaposa mayi wake mphamvu ayi, kangokhala kalibe malo osungiramo chilema. Wamkulu ali ndi zipinda zambiri, ndipo m'chipinda chimodzi mokha mukakhala msoko wofooka, mwala wonse umang'ambikira pomwepo. Ukayeza kakang'ono, anatero, wamva za kakang'onoko. Za mayi wake sunamvebe.

Pamwamba pake anamva lamba akukwekwereza, dalaivala akulamula kuti wina akokere kumanzere.

Panali njira yokhalira chete. Mwina mwala ukanapirira. Miyala ina imapirira mopusa, n'kukasweka chaka china, munthu amene anauvomereza ataiwalika. Anaganiza za amayi pakhonde, za mbale imene anamaliza, za mawu ake omwe, monga onse awiri. Koma sanachedwe nazo. Anatuluka kunsiko, n'kuima, n'kugwira lamba.

"Masulani," anatero. "Mwala uwu sunyamuka."

Dalaivala anaseka, n'kunena kuti mayi asaope, mkango uja unali wolemera kuposa apa. Kachidutswa sanakweze mawu. Anamuuza kuti akakoka kumapeto kuwiri, mwalawu uthyokera pakati usanafike m'mawondo, ndipo theka limodzi ligwera pamapazi a mnzake amene waima apoyo. Mnzakeyo anayang'ana mapazi ake n'kubwerera m'mbuyo. Malamba anamasulidwa.

Achimwene anatsika pakhonde. "Iwe, si unati wavomera?"

"Kanavomera ndi kamwala kamene ndinayeza. Ndinaboola kakang'ono, pakona pabwino, chifukwa sindinafune kuulasa. Ndinafunsa kumene ndinkadziwa kuti andiyankha zokoma. Mwala weniweniwo uli ndi mng'alu, achimwene. Bambo anauchirikiza."

Anayembekezera kuti achimwene anena kuti iwo ananena kale, ndipo akanakhala ndi ufulu wonena. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wopambana. Anayang'ana kukhonde. Amayi anali ataimirira, dzanja lili pamsana wa mpando wa m'khitchini uja.

Amayi anati zimenezo sizingatheke. Mwamuna wawo ananena za lole, iwo ali pomwepo, atanyamula thireyi ya makapu. Munthu amene anakana kusaina pepala la abwana ake enieni chifukwa cha nambala imodzi yokhota, anganame za mpando wa pakhomo pake? Kachidutswa anaona kuti chimene chikuwawa si mwala wokha. Anali atangotaya munthu, ndipo tsopano ankaona ngati akulandidwanso mawu ake.

Achimwene sanatsutsane nawo. Anavula wotchi n'kupatsa mlongo wawo. Kenako, ndi malaya awo oyera a kunja aja, anagona chagada pafumbi n'kudzikankha ndi zidendene mpaka mutu ndi mapewa zitalowa kunsi kwa mpando. Kunja kunangotsala miyendo, bondo limodzi litapindika. Amayi anagwira pakamwa. Msewu wonse ukanadutsa nthawi imeneyo ukanalumbira kuti Aphwanya abwerera kudzakonza miyala yawo.

Anakhalitsa kunsiko kuposa mmene kuona mng'alu kumafunira. Atatuluka, maso awo anali ofiira, ndipo anati ndi fumbi. Anatembenuka kuti adzikunthe, msana wa malaya uli bii.

"Zaka zonsezi," amayi anatero chapansipansi, "ine kuchapa, kulalata."

Geti la mpanda linalira. Atelala analowa, akupuma mwamphamvu ngati ayenda ulendo, chonsecho achokera pawindo pomwepa. Anapempha alamu awo kuti akhale pansi, iwo ali ndi mawu, ndipo akanayenera kuwanena tsiku limene mwana ankaboola mwala, koma anaona ngati akanena adzaoneka ofuna kukaniza mpando.

Anati chaka chimene mkazi wawo anamwalira, iwo anadzitsekera m'nyumba, osafuna kuona munthu, thupi n'kumangokula. Aphwanya ndiwo ankabwera kudzagogoda madzulo aliwonse, ati wailesi yawo sigwira bwino popanda munthu wonenepa pafupi. Anawakoka choncho mpaka anazolowera mpando. Ndiye tsiku lina akukhala, mwala unalira kunsi, kamawu kochepa ngati kuthyoka kwa singano. Onse awiri anamva. Iwo anaimirira ndi manyazi, n'kupita kwawo, osabweranso. Munthu wamkulu, kuthyola mpando wa mnzako ndi matako. Patapita masiku, Aphwanya anabwera pageti n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve, ati auyeza mwala ndi zida za kuntchito, chimene chinalira ndi chitini cha kunsi, mwalawo ungathe kunyamula lole, ndiye telala mmodzi n'chiyani.

Kachidutswa anafunsa ngati iwo anakhulupirira.

"Mwanawe, telala amadzuka m'mawa," anatero. "Ndinaona miyendo ya bambo ako ili kunja kwa mpando, chitini cha simenti chili pambali. Chaka chilichonse ndinkaiona miyendo imeneyo. Iwo ankafuna kuti ndisadziwe, ndiye ine sindinadziwe."

Dalaivala, amene anali atamvetsera zonse chipewa chili m'manja, anatsokomola n'kufunsa mwaulemu ngati galimoto ibwerere yopanda kanthu.

Kachidutswa anayang'ana ndowa zimene anadzaza, ndi mulu umene unatsala. Anauza amayi kuti pali mwala wina umene ukudziwa bambo kuposa mpando, chifukwa lililonse la mabenthu awa linadutsa m'manja mwawo, n'kuyenda nawo m'thumba kuchokera kuntchito kufika pakhomo. Mmisiri angathe kuthira simenti pamanda n'kuwayala pamwamba, benthu ndi benthu. Ndipo pa awa akhoza kulumbira popanda makina, chifukwa lililonse linang'ambika kale pamene panali pofooka pake. Chotsalacho n'cholimba chokhachokha.

Amayi anayandikira ndowazo. Kenako anatola benthu limodzi m'ndowa, n'kulitembenuza, n'kupukuta zilembo zofiira ndi chala chachikulu.

"Zinyalala zake zija," anatero, ndipo pakamwa pawo panagwedezeka ngati pakufuna kuseka. "Chabwino. Apite nazo. Koma muzitsuke kaye, asakagone ndi fumbi."

Anazitsuka pampopi wa kuseri, achimwene akutunga, Kachidutswa akukwecha ndi burashi yochapira, amuna atatu aja akupakira m'galimoto mosamala ngati mazira. Asanatseke chitseko cha kumbuyo, Kachidutswa anapisa m'thumba la jekete n'kupeza mabenthu awiri a kachidutswa kake kaja. Limodzi analiponya m'ndowa yomaliza. Linalo anapita nalo kumpando, n'kugona chagada, n'kulikhomera pamutu pa mzati ndi msana wa burashi, pambali pa loyera lija. Atatero anabweza mabenthu ochepa amene anawasiya dala, n'kuwaunjika kutsogolo, kuti wodutsa mumsewu asaone kanthu.

Dzuwa litapendeka, achimwene ali m'chipinda kulongedza sutikesi, iye anali kukhitchini kutsuka makapu. Windo la pamenepo limayang'ana kumpanda. Anaona amayi akutuluka ndi thireyi, wailesi ya malemu ili m'khwapa. Anakakhala pampando wa mwala, kumapeto kwa kumadzulo, n'kuika makapu awiri pansi. Sanaitane munthu. Anangotsegula wailesi n'kuisiya ikulira mophokosera, pakati pa masiteshoni awiri.

Sipanapite nthawi, geti linalira. Atelala anafika n'kuima patsogolo pa mpando, manja ali kumbuyo, ngati mwana wa sukulu woitanidwa kuofesi.

"Siikugwira bwino," amayi anatero. "Akuti imafuna munthu wonenepa pafupi."

Atelala anayang'ana pakati pa mpando, pamene mwala unasalala ndi kukhalidwa. Anati tsopano zinthu zasintha, alamu. Wokhomera uja wapita, mwana ali ndi ntchito yake ndi nyumba yake, ndipo iwo ndi mimba iyi akalowa kunsiko adzafunika lole yomwe ija kuti iwatulutse.

"Ine ndine wochepa thupi," amayi anatero. "Nyundo ndikudziwa pamene ankaisunga. Inu muzibwera kudzakhala, madzulo aliwonse, osadumphitsa. Zakunsizo muzisiyire ine, mvula ikamayandikira."

Atelala anakoka tepi yawo mbali imodzi, n'kuikokanso mbali ina. Kenako anatembenuka, n'kutsika pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo, mpaka thupi lonse litakhazikika pakati pa mwala. Mwala sunalire.

"Ndizibwera," anatero. "Ndipo ovolosi yolowera kunsiko ndikusokerani ine, ya nsalu yosaonetsa dothi. Mvula isanagwe mudzaipeza pampanda apa."

Amayi anawerama, n'kutola kapu imodzi, n'kuwapatsa.